Bondo la Mama Tutai ndi Kamakina Kosowa

Kamakina kanasowa Lachinayi pa 17 Julaye. Namwino Hinewai anatsekula kabati ya mu holo ya tchalitchi chathu ku Tokoroa nthawi ya 1:40 masana, napeza bokosi la timipope ta katoni, buku la mayina ndi chitini cha mabisiketi. Kamakina kunalibe. Loko anali wabwinobwino. Nthawiyo ndikuidziwa chifukwa ndinayang'ana wotchi. Ndinagwira upolisi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo ngakhale ndinapuma, anthu akayamba kulankhula onse pakamodzi diso langa limathamangirabe pa dzanja.

Kamakinako kukula kwake ngati foni yakale. Umakoka mpweya, kuusunga masekondi khumi ndi asanu, kenaka n'kuuzira m'kampope. Kamayeza mpweya woipa umene umalowa m'magazi munthu akamapuma utsi wa chinthu choyaka. Nambala ikakhala pansi pa 10, sunasute. Ikapitirira, usavutike n'kulumbira. Ndudu yamagetsi, imene ife timangoti vepu, siyaka moto, choncho nambala siikweza.

Gulu lathu losiya fodya linayamba pa 1 Meyi ndi anthu khumi ndi mmodzi. Anayi anasankha mankhwala omata pakhungu ndi chingamu, ndipo pofika Julaye amene anali asanabwerere ku fodya anali mmodzi. Asanu ndi awiri tinasankha vepu. Mwa ife, anayi tinali pansi pa 10 sabata ndi sabata, awiri anali atabwerera ku fodya osabisa n'komwe. Anthu khumi ndi mmodzi si umboni woti n'kupita nawo kukhoti, ndipo ndionjezere kuti anayi tonsefe vepuyo tinkayamwabe ngati ana a mbuzi. Ndikungonena zimene zili m'buku.

Wachisanu ndi chiwiri anali Mama Tutai, a zaka 63, amene anasuta zaka 44. Bondo lawo lamanzere linali litatheratu, ndipo opaleshoni inaikidwa pa 4 Ogasiti. Dokotala ananena mosapita m'mbali: akufuna kalata ya namwino yotsimikiza kuti mayiwo sakusuta, apo ayi malo awo apatsa wina, iwo adikire chaka chamawa. Mwana wawo wamkazi Vaine anali ndi ukwati kwathu ku chilumba cha Rarotonga mu Disembala, ndipo Mama Tutai anali atauza mpingo wonse kuti kumeneko akavina okha, osati kuwombera m'manja ali pampando.

Nambala zawo zinali motere. Kuyambira pa 8 Meyi mpaka pa 19 Juni, sanapitirirepo 4. Pa 26 Juni, 14. Pa 3 Julaye, 18. Pa 10 Julaye, 22.

"A Sajeni, ntchito yakupezani," anatero Hinewai akutseka kabati. "Kalata iyenera kufika kwa dokotala mawa isanakwane 12 koloko. Popanda nambala sindilemba chilichonse. Kamakina kena kali ku Rotorua, kabwera Lachiwiri."

"Munakaona liti komaliza?"

"Lero lomwe, 9:15. Ndinadutsa kudzasintha mabatire."

"Makiyi a kabati?"

"Atatu. Wanga, wa Mama Mii wa tiyi, ndi wa Papa Nooroa."

Papa Nooroa ndi dikoni wathu, amene amayala mipando. Ndi mwamuna wawo wa Mama Tutai.

*

Mama Mii ndinawapeza kukhitchini akudula keke ya nthochi. Ndi namfedwa wa zaka 66, mnzawo wa Mama Tutai kuyambira ali atsikana ku chilumba cha Aitutaki, ndipo chibadwire sanaikepo ndudu pakamwa. Pagulu lathu amabwera kudzaphika tiyi ndi kudzamva nkhani.

"Musandiyang'ane choncho, a Sajeni, ine si wakuba. Kiyi wanga amakhala pa msomali apo, chitseko cha khitchinichi sichitsekeka, ndinawauza abusa mu Febuluwale, ndinawauzanso pa Pasaka. Mukafunse Colin. Loweruka ku mpira ndinamuona ndi maso angawa, ndudu ili pakamwa, yeniyeni, ya moto."

"Inu m'mawa uno munali kuti?"

"Kunyumba."

"Ndi ndani?"

"Ndi Yesu."

"Angabwere kudzachitira umboni?"

"Mwamwano inu, mpake akazi anu amakugonetsani ndi galu." Anatulutsa mapilitsi awiri m'thumba la juzi, nawameza ndi tiyi.

"Mutu?"

"Sabata yachitatu ino. Akuti mwina magalasi atha mphamvu. Masana aliwonse ukungoti gu, gu, gu, ndipo tulo take ngati ndili ndi pakati."

Ndinalemba zitatu. Mapilitsi, 1:52. Pulasitala pa chala chapakati cha dzanja lamanja. Kaulusi kofiira pa chigongono cha juzi.

*

Colin Pettigrew amayendetsa lole ya zipika. Ndinamupeza panja atatsamira mpanda, mutu wake wosaoneka bwino m'mtambo wonunkhira mango.

"Bwana Sajeni, ndimangeni msanga, ntchito yanditopetsa. Kundende kuli chakudya katatu, eti?"

"Unali kuti kuyambira 9:15?"

Anapisa m'thumba la kabudula, amene amavala ngakhale kunja kuli chisanu, natulutsa timapepala tiwiri ta pa sikelo ya kudoko ku Tauranga. Kulowa 10:52, kutuluka 11:58. Kuchoka kunkhalango kukafika kudoko ndi lole yodzaza ndi maola awiri. Lole yake ndinaiona ndekha ikuima kunja kwa holo 1:35, injini ikadali yotentha.

"Nanga Loweruka?"

"Aa, gogo uja wandinenera kale? Inde, imodzi. Tinaluza ndi mapointi makumi atatu, mumafuna nditani? Ndipo sinakome, akulu. Ngati kutafuna sokosi." Anakoka vepu. "Koma ineyo kamakina ndikaberenji? Kamaiwala pakatha tsiku limodzi. Ndinamufunsa nesi tsiku loyamba lomwe, mukundidziwa ine. Ya Loweruka singaoneke Lachinayi. Amene akuvutika ndi amene wasuta lero m'mawa."

"Ukunena ndani?"

"Sindikunena munthu. Mayi a bondo aja amandipatsa madonasi."

*

Mama Tutai anali pampando wawo wa nthawi zonse, mwendo uli pa chopondera, vepu ikulendewera pakhosi pa kachingwe kamene anakaluka okha. Anthu ena a pagulu ankawayang'ana mobera.

"Funsa, Rima. Onsewa akufunsa ndi maso, iwe funsa ndi pakamwa."

"Mama, m'mawa uno munali kuti?"

"Kokayenda."

"Kuyambira liti?"

"Hafu pasiti eyiti mpaka cha m'ma 12:30."

"Maola anayi. Ndi bondo limeneli."

"Ndimapumapuma."

"Tsiku lililonse?"

"Kupatula Sabata. Ukufunanso kudziwa zimene ndadya?" Anandiloza ndi vepu. "Tamvera. Ndudu yanga yomaliza ndinasuta pa 4 Meyi, kuseri kwa nyumba, mvula ikugwa. Kuchokera pamenepo ndi kanthu aka basi, ndipo madzi ake ndatsitsa mphamvu kawiri. Kamakina kanu n'kabodza. Koma sindinakabe. Ndikanakhala ine, mukanakapeza pakati pa holo nditakaponda ndi mwendo wabwinowu."

Mawu awo anali olimba, koma maso anali atadzaza. Munthu amene wanena zoona katatu osakhulupiriridwa ndimamudziwa, ndinawaona ambiri pa kauntala ya polisi. Ndinaonanso ambiri onama amene amalira bwino kuposa pamenepo. Ndinalemba zimene zinalipo: chala chapakati cholasidwalasidwa kunsonga, ndi kaulusi kofiira pa siketi.

Ndinakakhala pampando wanga ndikuyang'ana holo. Mipando khumi ndi iwiri, yoyalidwa mozungulira monga mwa nthawi zonse. Chopondera cha Mama Tutai pamalo pake. Jagi ya madzi pa zenera. Kadengu kotayamo timipope pafupi ndi mpando wa namwino.

Pakati pa bwalolo panalibe kanthu. Ndinayang'anapo masekondi angapo ndisanadziwe chimene chikundivuta.

*

Papa Nooroa ndinawapeza m'tchalitchi 2:14 akupukuta mabenchi amene anali opukutidwa kale. Tinagwira limodzi ntchito pa fakitale ya matabwa ndisanalowe upolisi. Ndi munthu wabwino, koma chinsinsi m'kamwa mwawo chimakhala ngati madzi m'dengu. Mphatso ya Khrisimasi ya akazi awo imadziwika ndi mpingo wonse mu Novembala.

"Achimwene, mipando munayala nthawi yanji?"

"Leveni koloko, ngati masiku onse. Khumi ndi iwiri. Ndinasesa, ndinadzaza jagi, ndinaika chopondera, ndinathamangitsa mphaka wa abusa, mphaka ameneyo tsiku lina ndidzamu..."

"Katebulo munakaiwala."

"Katebulo kati?"

"Koikapo kamakina. Masabata khumi ndi limodzi mwakhala mukukaika pakati pa bwalo, ndi kansalu koyera pamwamba. Lero kali kuseri kwa piyano. Leveni koloko munthu mmodzi yekha ndiye ankadziwa kuti katebulo sikafunika."

Anapukuta benchi kawiri. Kenaka anakhala pansi.

"Sindinabe, Rima. Ndine dikoni. Kuba ndi kutulutsa chinthu kunja. Ine ndangosuntha. Sikanachoke m'nyumba ya Mulungu."

Kamakina kanali pansi pa gome lolalikirapo, atakakulunga m'mpango woyera, pambali pa masiwiti a chifuwa a abusa.

"Ndinati kakasowa, mwina nesi alemba kalata pongokhulupirira mawu. Mkazi wanga sagona ndi bondo lija. Usiku amalira mwakachetechete poganiza kuti ndagona." Anapukusa mutu. "Koma akusuta, m'bale wanga. Lachiwiri ndinamutsata. Eti kokayenda. Anakhota pa kona, n'kulowa mu galaja ya Mii. Chitseko anatseka, pansi pake anatsekapo ndi thaulo. Zenera anamata makatoni. Ndinadikira m'galimoto maola anayi, ndinadya masangweji onse. Anatuluka maso ali psuu, akuyenda ngati waledzera. Munthu amatsekera thaulo pansi pa chitseko chifukwa chiyani ngati si utsi?"

"Fungo la fodya munalimva?"

"Ayi. Koma amatafuna timasiwiti tophimba fungo."

"Mii anali momwemo?"

"Onse awiri. Mii ndiye mlonda wake, ndikuganiza."

Ndinatsekula kabuku kanga kumasamba a Juni. Ndimalemba nyengo tsiku lililonse chifukwa cha mbatata zanga. Chisanu choyamba chaka chimenecho chinagwa Lolemba pa 23 Juni. Nambala yoyamba yokwera inabwera Lachinayi la sabata yomweyo.

"Nyamulani kamakina," ndinatero. "Pali munthu wina woti auzire."

*

Ndinawaitanira kukhitchini: Hinewai, Mama Tutai ndi Mama Mii. Papa Nooroa ndinawaimika pakhomo kuti ena asalowe. Mama Tutai anaona kamakina m'manja mwa mwamuna wawo, nawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Tikambirana kunyumba, bambo a Vaine."

"Ndinangosuntha, mayi."

Hinewai anaika kampope katsopano. Mama Tutai anauzira. Nthawi inali 2:36, nambala 19. Anangoyang'ana kukhoma.

"Kampope kena," ndinatero. "Mama Mii."

"Ine? Mwapenga, a Sajeni? Ine sindisuta. Malemu amuna anga ankasutira panja ngakhale mvula ya matalala."

"Ndiye mulibe choopa."

Anakoka mpweya monyada, nausunga masekondi khumi ndi asanu akundiyang'ana ndi diso loipa, nauzira. Kamakina kanalira, kanyali kofiira n'kuyaka. Hinewai anakatembenuza kuti tonse tione.

"Sikisitini," anatero.

"Kawonongeka," anatero Mama Mii. "Dikoniyu wakagwetsa."

Ndinauzira ine: 3. Anauzira Hinewai: 2.

"Mu galaja mwanu muli mbaula yanji?" ndinafunsa.

Amayi awiriwo anayang'anana.

"Ya gasi," anatero Mama Mii pang'onopang'ono. "Ya malemu. Yakalekale, moto wake wachikasu, koma imafunditsa."

"Munayamba kuiyatsa liti?"

"Tsiku limene chisanu chinapsereza mandimu anga. Zala zinkauma, singano osagwirika..."

"Mii," anatero Mama Tutai.

"Basi, Tutai, zaululika."

Ndinali nditadziwa kale chifukwa cha ulusi ndi zala. Tivaevae ya ukwati, nsalu yaikulu yofunda ija imene amayi athu amasoka ndi manja miyezi yathunthu, mwini wake saiona mpaka tsiku loitambasula pamaso pa anthu. Vaine ankakhala m'nyumba ya makolo ake. Kwa Mama Mii m'nyumba muli zidzukulu zisanu. Kunatsala galaja, makatoni pa zenera, ndi thaulo loletsa mphepo.

"Maluwa ofiira makumi anayi ndi asanu ndi atatu," anatero Mama Tutai. "Atsala khumi ndi limodzi. Amayi anga anandisokera yanga ndili m'nyumba yomweyo, ndipo sindinaone ngakhale kachidutswa."

Hinewai sanaseke. Ndi mtsikana wa nthabwala, koma apa nkhope inasintha.

"Amama, mukumva zimene zachitika? Mbaula imeneyo yakhala ikukudyetsani mpweya womwewo wa m'fodya, maola anayi tsiku lililonse, chitseko chotseka. Mutu ndi tulo zija si magalasi. Tsiku lina mukanagona osadzukanso, nonse awiri, singano zili m'manja. Lero lomwe mupite kukliniki akakuoneni, ndiimba foni. Mu galaja musalowenso mpaka mbaulayo itachoka."

"Ndiye sindinasute," anatero Mama Tutai.

"Ndikuganiza kuti simunasute. Ndipo ndikupepesa, chifukwa funso la mbaula ndinayenera kufunsa ine pa 26 Juni. Koma m'kalata ndilemba nambala, osati maganizo anga. Mawa naini koloko, pompano."

Pakhomo panamveka kufwenthera. Papa Nooroa ankapukuta m'maso ndi mpango umene anakulungira kamakina.

"Tivaevae ya mwana wanga," anatero. "Maluwa ofiira. Osandiuza ine, bambo wake?"

"Ndikanakuuzani inu, bwenzi ndalengeza pa wailesi," anatero Mama Tutai. "Tamverani, bambo a Vaine. Mwandiyesa wabodza masabata atatu, mwanditsata ngati wakuba, mwaba m'tchalitchi."

"Kusuntha."

"Zonsezo ndikhululuka. Koma Vaine akamva liwu limodzi la nsalu imeneyi isanafike Disembala, bondo langa latsopano ntchito yake yoyamba idzakhala pa inu."

Mbaulayo Colin anakaitenga 4:10 madzulo omwewo, naiponya kumbuyo kwa lole. Anati anali asanaonepo chinthu chosuta kuposa iye.

*

Lachisanu pa 18 Julaye tinakumana 9 koloko. Katebulo kanali pakati pa holo, kansalu koyera kali pamwamba, kosita. Mama Mii anati mutu wawo wapepuka koyamba chiyambire mwezi, ndipo zimenezi zinaoneka pa kuchuluka kwa mawu awo.

Mama Tutai anabwera ndi Vaine, amene anawatenga pa galimoto asanapite kuntchito. Anakhala pansi, anachotsa vepu pakhosi naipereka kwa mwamuna wawo kuti awagwirire, nakoka mpweya. Masekondi khumi ndi asanuwo ndinawawerenga ndi wotchi ngakhale kamakina kamawerenga kokha. Anauzira 9:06.

"Folo," anatero Hinewai.

Mama Tutai anatseka maso pang'ono. Kenaka anati, "Lemba ndi zilembo zazikulu, mwanawe. Dokotala uja amavala magalasi."

Kalata inapita 9:21, pamodzi ndi ndime yofotokoza za mbaula.

Vaine ndi wowerengera zipika pa fakitale, ndipo nambala zosagwirizana sazilekerera. Anayang'ana amayi ake, anayang'ana Mama Mii, kenaka anapita kwa munthu amene wakhala akumuuza chilichonse kuyambira ali mwana.

"Adadi, mbaula ndamva. Koma amama ankatani mu galaja ya anthu maola anayi tsiku lililonse, chitseko chotseka?"

Papa Nooroa anatsekula pakamwa. Anayang'ana mwana wawo, anayang'ana bondo la akazi awo, natsekanso. Ndinayang'ana wotchi. Anakhala chete masekondi khumi ndi anayi, ndipo pa zaka makumi anayi zimene ndawadziwa sindinaonepo zotere.

"Zachizimayi, mwanangu," anatero potsiriza. "Ine ntchito yanga ndi mipando."

Ananyamula katebulo n'kupita nako kuseri kwa piyano, thukuta lili kamukamu pa chipumi ngakhale kunja kunali chisanu.

Opaleshoni ya bondo inachitika pa 4 Ogasiti, 8:30 m'mawa. Pa 20 Disembala ku Rarotonga, Vaine analira ataona maluwa makumi anayi ndi asanu ndi atatu, ndipo kulirako kunali kwa munthu amene sankadziwa kanthu. Mama Tutai anavina mphindi zisanu ndi ziwiri osagwira mpando, vepu ikudumphadumpha pachifuwa.